Mphete zakale zachidindo zokhala ndi kachipinda: okushoni, intaneti kapena sitolo?

Chiyambireni kuvala mphete iyi pakachala kakang'ono, anzanga kuno ku Birmingham sakundipatsa mpata wopuma. Akangoona ndikutsegula kachivundikiro kake ndi chikhadabo, funso ndi lomwelo: "Achimwene, mwaigula kuti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Dziwani kuti iyi ndi yachiwiri. Yoyamba ili phee m'dirowa, ndipo ndiyo yandilembetsa zonsezi.

Mphete zachidindo ndi zija zaphwatalala pamwamba, zozokotedwa zilembo za dzina kapena chizindikiro cha banja, zomwe Angerezi akale ankadindira paphula pomata kalata. Zina mwa izo pamwambapo pamatseguka ngati kachitseko. Ogulitsa amakonda kuzitcha poison ring, n'kumakusimbirani za Hannibal, mkulu wa asilikali wamakedzana, amene akuti anamwa poizoni wa m'mphete yake. Nthano yotereyi ntchito yake n'kukweza mtengo basi. Zambiri zakale zenizeni zomwe mungazipeze ndi za nthawi ya Mfumukazi Victoria, 1837 mpaka 1901, ndipo mkatimo munkakhala tsitsi la malemu kapena kachithunzi. Mwamuna wake Albert atamwalira mu 1861, kuvala zokumbukira omwalira kunafala kwambiri.

Ndiyambe ndi okushoni, poti ndi kumene ndinapsa.

Ine ndinakula ndikudziwa okushoni ya fodya ya ku Kanengo, kumene wodulidwa ndalama ndi mlimi. Ndiye nditaona mphete yamwala wobiriwira wamadontho ofiira, umene amati bloodstone, m'kabuku ka nyumba ina ya okushoni, ndinkayesa kuti mtengo umene nyundo yagwera ndi womwewo. Ndinapikisana pa intaneti ya pa foni ndili pa buleki kuntchito, nyundo n'kugwa pa £400. Tsiku limenelo ndinayenda mwamatama.

Invoisi itafika ndinangoti kukamwa yasa. Panali buyer's premium, ndalama imene nyumbayo imalipiritsa wogula, 25 peresenti: £100. Pa £100 imeneyo anaikaponso VAT ya 20 peresenti: £20. Popeza ndinapikisana kudzera pa intaneti, ina 5 peresenti ndi VAT yake: £24. Kutumiza: £15. Zonse £559. Zinalembedwadi m'malamulo awo, m'timalemba tating'ono tomwe munthu wamtima m'mwamba sawerenga, koma chimandiwawabe mpaka lero.

Chikhala kuti zinathera pomwepo, bwenzi nditapirira. Patatha milungu itatu kachivundikiro kanayamba kugwedera, ndipo tsiku lina ndikuvula magolovesi kanangotsalira m'dzanja. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire ku Jewellery Quarter, dera la amisiri a golide kuno ku Birmingham. Anaika kagalasi kake padiso, anaitembenuza kawiri, n'kupukusa mutu. Anandionetsa kachigamba kotuwa pahinjesi, kochepa ngati njere ya mawere. Wina kalekale anamatapo ndi mtovu m'malo mowotcherera ndi golide. Vuto la mtovu ndi lakuti ukaulowetsanso pamoto waukulu umadya golideyo n'kusiya tizibowo. Kuti akonze, ayambe wachotsa mwala, apale mtovu wonse, kenaka apange hinjesi yatsopano. Mtengo umene ananditchulira unandibweza pakhomo.

Kubweza? Iwalani. Lamulo la kuno limene limapatsa munthu masiku 14 obwezera katundu wogula pa intaneti kwa wamalonda silikhudza okushoni imene anthu amaloledwa kufikako okha. Anandiuza mwaulemu kuti ndikanapempha condition report, lipoti lofotokoza zilema za katundu, ndisanapikisane. Zoona, sindinapemphe. Koma chithunzi chawo chinajambulidwa mbali imene hinjesi sinkaoneka, ndipo pamenepo sindidzawakhululukira.

Intaneti ndiyo yadzaza ndi mphetezi, ndipo mitengo yake imakopa. Ine sindinagulepo, ndinangotha miyezi ndikusuzumira. Zambiri n'zatsopano zongodetsedwa dala kuti zioneke zamakedzana, zina ndi mkuwa wokutidwa ndi golide wopyapyala, zija amalemba kuti rolled gold kapena gold filled. Chokutetezani ndi tizidindo ta mkati mwa mphete, ma hallmark, toikidwa ndi maofesi oyeza golide, ofesi iliyonse ndi chizindikiro chake. Nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, mitolo itatu ya tirigu ndi lupanga ndi Chester, ofesi imene inatsekedwa mu 1962. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi nambala 15 yokhala ndi .625 pambali: golide wa makarati 15 (makarati ndi muyeso wa kuchuluka kwa golide weniweni m'chitsulocho) analoledwa mu 1854 n'kuthetsedwa mu 1932, ndiye kachidindo kameneka kakakhala kenikeni kamakuuzani zaka zake pakokha. Mphete zina zenizeni zilibe tizidindo, mwina tinadulidwa pochepetsa saizi, mwina sizinadindidwe n'komwe, koma zimenezo asiyireni akatswiri. Wogulitsa akakana kukujambulirani mkati ndi kavidiyo kotsegula ndi kutseka, musataye naye nthawi. Mufunsenso ngati ndi wamalonda kapena munthu wamba, chifukwa masiku 14 aja sagwira kwa munthu wamba.

Tsono sitolo. Pamtengo wolembedwa pakapepala, sitolo ndiyo yodula kuposa zonse, n'zosachita kubisa. Ku Hatton Garden, msewu wa masitolo a golide ku London, ndinangoyang'ana pawindo n'kupitirira. Ku msika wa Portobello Road ku London komweko Loweruka mungathe kunenerera, koma anthu amachita kupondana ndipo simupeza mpata woyang'anitsitsa. Ine ndinabwerera kwa bambo uja wa kagalasi, amene amagulitsanso zakale zochepa m'kabati yake. Anandisiya nditsegule ndi kutseka kambirimbiri, anandibwereka kagalasi, anayeza mphete pasikelo ndikuona, ndipo palisiti analemba makarati, magalamu ndi chaka. Hinjesi yabwino imatseka kuti "kwe", osati kungogona. Anandichenjezanso kuti mphete zotere sizikonda kusinthidwa saizi, poti mutu wake ndi wamphako ndipo ukapindika chivundikiro sichikhalanso bwino. Iyi inandikwana mmene inalili. Ndi ya makarati 15, ya nangula, mwala wake wofiira wa carnelian. Ndinalipira £620, ndipo £620 yake inali yomweyo.

Mwina mukuti ndikukondera, ndipo sindikana. Amene amadziwa kuwerenga tizidindo, amapita yekha tsiku loonetsa katundu, nawonkhetseratu zoonjezera zonse asanakweze dzanja, angapeze mwayi ku okushoni umene sitolo singamupatse. Ine si munthu ameneyo, ndipo ambiri mwa inu ondifunsanu, pepani, si inunso.

Ya m'dirowa ija bamboyo akuti angaigule pamtengo wa golide wosungunula, atachotsa kulemera kwa mwala ndi kwa mtovu. Sindinamuyankhebe. M'kachipinda ka iyi ndavalayi ndinaikamo kansalu kakang'ono kodula ku chitenje cha mayi anga.