Ndemanga: Ulendo wa ku phiri la Mulanje m'nyengo yozizira, kwa ife a kuchigwa cha Shire

Kampani yaing'ono yoyendetsa alendo imene inatitenga ku Nchalo kupita nafe ku phiri la Mulanje m'mwezi wa Julayi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Nyenyezi imodziyo ndaichotsa pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti eni akewo phiri amalidziwa bwino lomwe, koma anthu a kuchigwa kuno satidziwa. Ndikulemba makamaka poganizira anzanga a ku Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene akhala akundifunsa ngati ulendowu ndi woyenera kuusonkhera ndalama monga gulu la kuntchito kapena la kumpingo.

Ndalama imene tinalipira inali ya minibasi, malo ogona ku Likhubula m'tsinde mwa phirili, chakudya, wotiperekeza m'phiri, anyamata onyamula katundu komanso kugona m'nyumba za alendo za pamwamba pa phiri. Za minibasi ndilibe zambiri. Inabwera mochedwa, koma dalaivala anali wodekha, ndipo titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, anakwera zitunda za Chikwawa mosathamanga, zomwe aliyense amene amaudziwa msewu wokhotakhota umenewu angayamikire. Tinadzera ku Limbe ndi ku Thyolo, n'kukapatukira pa Chitakale kulowera ku Likhubula.

Kampaniyi imanena zoona ikamalengeza kuti miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino kukwera phirili. Nthawi ya dzinja matanthwe amaterera ndipo timitsinje timadzaza mwadzidzidzi, pamene kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimayamba kuphimba maso, kenaka n'kubwera ng'amba imene ifeyo sitifunika kuuzidwa. M'nyengo yozizira njira zimakhala zouma, mitsinje imawolokeka, ndipo munthu amakwera chitunda osamva ngati dzuwa likumuphika. Chimene kampaniyi sinena momveka ndi kukula kwa chisanu chake.

Uthenga umene anatitumizira pa WhatsApp unangoti titenge "zovala zofunda". Kwa munthu wa ku Blantyre kapena ku Dedza mawu amenewa ndi okwanira, koma kwa munthu wobadwira ku Nchalo, kumene nthaka siifika n'komwe mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, zovala zofunda ndi juzi imodzi ndi chitenje chapadera. Nyumba ya alendo ya ku Chambe, imene tinagonamo usiku woyamba m'phiri, ili chapafupi ndi mamita 2,000, ndipo kumeneko dzuwa likangolowa kuseri kwa thanthwe mphepo imalowa m'mafupa nthawi yomweyo. Nyumbayo ndi yamatabwa, ili ndi posonkhapo moto, ndipo mlonda wake amathandiza ndi nkhuni ndi madzi, koma zofunda ndi za mlendo mwini kapena za kampani imene yamubweretsa. Ifeyo anatipatsa bulangete limodzilimodzi lopyapyala. Kutacha tinapeza udzu wa panja utayera mbuu ndi mame oundana, chinthu chimene ambiri m'gulu lathu anali asanachionepo, ndipo mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa ku Ngabu, anali atavala sokosi m'manja, akulephera kugwira kapu ya tiyi chifukwa cha kunjenjemera. Wotiperekeza uja anavula jekete lake n'kuwaveka, nati, "Amayi, sendererani kuno kumoto, kukhomako kumalowa mphepo." Ulemu wa mnyamatayo ndinauyamikira, koma si udindo wa wantchito kuvula jekete lake pofuna kukwirira chimene abwana ake anaiwala. Kampani yotenga anthu kuchigwa iyenera kulemba mwatchutchutchu kuti pakufunika jekete lochindikala, chipewa chophimba makutu, sokosi zaubweya, chovala chotchinga mvula, tochi ndi nsapato zogwira bwino pamwala, ndiponso iyenera kubwereketsa matumba ogonamo, ngakhale pa mtengo wapadera.

Kunena za wotiperekezayo, iye ndiye amene wachititsa kuti nyenyezi zikhale zinayi osati zitatu. Njira ya Skyline yochokera ku Likhubula kupita ku Chambe ndi chikweza chenicheni cha maola angapo, ndipo ife ozolowera kupalasa njinga pamalo athyathyathya a m'minda ya nzimbe mawondo anayamba kutidandaula tisanafike ndi pakati pomwe. Iye sanathamangitse munthu aliyense. Woyenda pang'onopang'ono anamuika patsogolo, ndipo popumula ankasankha malo pamene pali madzi akumwa kapena poonekera patali.

Nzeru zake zinaonekera bwino tsiku limene chiperoni chinabwera. Chiperoni ndi mphepo yozizira yachinyontho yochokera chakummwera cha kummawa, ku Mozambique, imene imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi imeneyi. Kuchigwa kuno imangotipatsa mitambo ndi kamphepo kokoma, koma m'phiri nkhungu inatikuta ngati utsi wa munda wa nzimbe ukamawotchedwa, moti munthu wotsogola pang'ono sankaoneka. Anyamata ena a m'gulu lathu ankaumirira zopita ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ya mamita 3,002, chifukwa chithunzi chake ndicho chili pa chikalata cholengezera ulendowu. Wotiperekezayo anakana mwaulemu koma mosagwedezeka. Anafotokoza kuti ku Sapitwa amanyamukira ku nyumba ya Chisepo, kuti njira yake ndi yokwawa pamatanthwe, ndiponso kuti alendo ena anasowako chifukwa chopita okha kapena chonyozera nyengo. Apa ndiikenso chidandaulo china kwa eni kampani: chithunzi cha Sapitwa chimapatsa anthu chiyembekezo cha chinthu chimene sichili m'ndalama imene alipira, pakuti ulendo wa kumeneko umafuna masiku oonjezera ndi thupi lokonzeka.

Mmalo mwake tinalowera ku Lichenya, ndipo kwa ine gawo limeneli ndilo linali lopindulitsa kwambiri paulendo wonse. Mtsinje wa Lichenya pamwambapo ndi kamadzi koyera kodumphika, koyenda mwakachetechete pakati pa udzu ndi miyala, koma umakathira mu Ruo, amenenso gwero lake lili m'phiri lomweli, ndipo Ruo ndi yemwe uja amakumana ndi Shire ku Chiromo. Bambo wina wa ku Makhanga amene tinali naye, yemwe anataya nyumba pa madzi osefukira a 2015, anaima nthawi yaitali pamphepete pa kamtsinjeko akufunsa mafunso, ndipo wotiperekezayo anamuyankha bwino za mmene kutha kwa mitengo ndi moto wa chaka ndi chaka zimachititsira kuti madzi a mvula atsike mwaliwiro osalowa m'nthaka. Anatisonyezanso zipsera za m'mbali mwa phiri pamene nthaka ndi miyala zinagumuka nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ife timauona Ruo akafika kwathu atakwiya kale, choncho kuona kumene madzi ake amayambira ndi phunziro limene ana a sukulu a ku East Bank, tsidya la kummawa kwa Shire, akanayenera kulilandira ndi maso awo.

Pa nkhani ya mitengo yomweyi, mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri ili lokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula mozemba ndi moto. Tinaona zitsa zambiri kuposa mitengo, ndiponso timitengo tating'ono timene a bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala. Sindinakondwe kuti potsika, minibasi ya kampani inatiimika pa ogulitsa ziboliboli popanda wotiuza chilichonse za kumene matabwa a timabokosi tawo tonunkhira mkungudza amachokera, chonsecho phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025.

Amene sangathe kukwera mpaka pamwamba asaganize kuti ulendowu suwakhudza. Ku Dziwe la Nkhalamba ndi pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Likhubula, njira yake ndi yotheka kwa ana okulirapo ndi akuluakulu amphamvu zawo, ndipo mathithi ake amakongola ngakhale madzi atachepa. Kusambamo mu Julayi ndi nkhani ina. Madziwo ndi ozizira moti amadula mpweya, dziwelo ndi lakuya, ndipo anthu anamirapo. Luso losambira mu Shire wofunda lisakunyengeni. Kuyenda m'minda ya tiyi, kumene anatisungira tsiku lomaliza, sikunali kosangalatsa kwenikweni, chifukwa tiyi amathyoledwa kwambiri nthawi ya mvula ndipo m'chisanu muno othyola amakhala ochepa.

Chakudya chinali chaukhondo koma chopepuka. Mpunga ndi soya madzulo, pambuyo pokwera phiri tsiku lonse, sizimugwira munthu wozolowera nsima, ndipo titadandaula wophika anatiuza kuti ufa akanatenga tikananena tisananyamuke. Choncho nenani msanga.

Musanalipire, funsani kuti akulembereni nyumba za m'phiri zimene mukagonemo, mtundu wa zofunda zimene akupatseni, ndi chimene chidzachitike chiperoni chikasokoneza ndondomeko. Funsaninso tsiku la mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race, umene kawirikawiri umachitika mu Julayi kuyambira ku Likhubula, chifukwa sabata imeneyo malo ogona amadzaza msanga. Za anyamata onyamula katundu, kampani inatiuza kuti malipiro awo ali m'kati mwa ndalama yathu, koma sinatiuze kuti pamapeto pa ulendo alendo amawathokoza ndi kangachepe, ndipo ambiri a ife ndalama zinali m'foni. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, pakuti netiweki m'phirimo imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mnyamata amene wasenza chikwama chanu kuchokera ku Likhubula mpaka ku Lichenya n'kubwerera nacho sayenera kudikira kuti mukafike kaye pa Chitakale.