Thanki ya nsomba zam'nyanja yamchere yochokera ku Beira: zida nzabwino, koma pa nkhani ya minga anagona

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu. Thankiyi ili m'nyumba mwanga kuno ku Moatize kuyambira nyengo yozizira, yapyola kutentha konse kwa Okutobala, ndiye ndingathe kunenapo kanthu tsopano. Ogulitsa ndi kasitolo kena ka ku Beira. Anatumiza thanki yagalasi ya malita 450, pampu, sefa, matumba a mchere wake, miyala, nsomba ziwiri, ndiponso kaphukusi ka chitetezo komwe munali magolovesi ofika m'mapewa, chopanira chachitali, kaukonde, chotchinga cha pulasitiki ndi pepala lofotokoza nsombazo m'Chipwitikizi.

Ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kudzera ku Chimoio si masewera kwa nsomba, koma zonse zinafika zamoyo. Mnyamata amene anabwera kudzalumikiza zida ankaidziwa ntchito yake. Apo ndilibe mawu.

Nsomba yoyamba ndi peixe-leão, ya mizere yofiirira ndi yoyera, mtundu wa Pterois miles womwe umapezeka m'nyanja ya India, ngakhale m'gombe lathu lomwe la Mozambique. Pepala lija linalongosola bwino za iyi. Ili ndi minga ya ululu 18: pamsana 13, kunsi kufupi ndi mchira itatu, ndipo pa zipsepse ziwiri zam'mimba pali munga umodziumodzi. Zipsepse zikuluzikulu zam'mbali zija, zomwe alendo amati akaziona n'kubwerera m'mbuyo, zilibe ululu konse. Ndi nsomba yofatsa, siithamangitsa munthu. Imangoyandama chapafupi kuyembekeza chakudya, ndipo ngozi yake ili pomwepo, chifukwa dzanja likalowa m'madzi iyo imabwera kudzaona.

Chandikhumudwitsa ndi nsomba yachiwiri. Ndi yachikasu chowala, nkhope ya mizere yakuda ndi yoyera, kamlomo kotalika. Pepala linangoti imadya ndere ndipo imakhala bwino ndi zinzake. Zoona zimenezo, koma silinatchule kuti nayonso imabaya. Anandiuza ndi alamu anga, omwe akhala akuweta nsomba zotere kwa zaka ku Chimoio. Atangoiona anati, "Alamu, ana asamapise dzanja umu, yachikasuyi ndiye yoipa mtima." Dzina lake ndi Siganus vulpinus, kwawo ndi kumadzulo kwa nyanja ya Pacific, ndipo ili ndi minga ya ululu 13 pamsana, 7 kunsi, ndi ina pa zipsepse zam'mimba. Ndi yamantha, ikadzidzimuka imathamanga mosaona kolowera minga ili chiimire. Usiku imasintha mtundu, imachita mawangamawanga abulauni n'kutsamira pamwala, moti mukayatsa nyali mamawa mungaganize kuti ndi mwala womwewo kapena kuti yafa. Wogulitsa amene amachenjeza za nsomba yooneka yoopsa yokha, n'kusiya yokongola yomwe mwana angafune kuisisita, sanamalize ntchito. Amene munachotsapo nkholokolo mu ukonde pa Zambezi mukudziwa mmene kamunga kamodzi kamasowetsera tulo. Izi akuti zimaposa pamenepo.

Za m'kaphukusi ka chitetezo, zina n'zothandiza, zina n'zongodzaza bokosi. Magolovesi ndi a labala wamba. Amateteza khungu ku miyala yokanda, koma munga wa peixe-leão ungathe kuwaboola, ndiye musawadalire. Kaukonde ndinakaika kutali, chifukwa minga imakodwa m'maso mwake ndipo pamapeto pake mumafunika kuikodola ndi zala. Posamutsa nsomba ndimagwiritsa ntchito chigubu choyera chodula kukamwa. Chopanira ndi chabwino podyetsa ndi posuntha timiyala. Koma chomwe chili ndi phindu kuposa zonse ndi chotchinga chija: mumakankhira nsomba mbali imodzi, n'kutsekera, kenako n'kutsuka mbali inayo mtima uli m'malo. Chimenechi chokha n'chimene chandiletsa kupereka nyenyezi ziwiri.

Pepala silinanenenso zochita munthu akabayidwa, chomwe n'chodabwitsa. Ululu wa nsombazi umafooka ndi kutentha. Viikani pobayidwapo m'madzi otentha osapitirira madigiri 45 kwa mphindi 30 mpaka 90, ndipo madziwo ayesedwe kaye ndi dzanja labwinolo kapena ndi munthu wina, poti dzanja lopweteka silimva bwino ndipo mungadziwotche. Chotsani mphete lisanatupe. Osamanga ndi chingwe, osatema ndi lezala, osayamwa. Mukatero pitani kuchipatala akaone ngati kachidutswa ka munga sikanatsalire, komanso za katemera wa kafumbata. Munthu akayamba kubanika, chizungulire kapena kusanza, musadikire mphindi zija, thamangani naye. Nsomba yakufa nayo minga yake imakhalabe ndi ululu, choncho siitoledwa ndi manja. Zonsezi ndinazilemba m'Chichewa n'kumata pambali pa thanki kuti amayi akunyumba ndi mtsikana wotithandiza ntchito aziona. Chivundikiro ndinachiikira loko ndekha; chawo chimangotseguka ngakhale ndi mwana wa zaka zinayi.

Pambuyo pake ogulitsa aja anandiimbira kuti apeza peixe-pedra, ngati ndingaifune. Ndinakana, ndipo inunso ndikuti kanani. Imeneyo ndi Synanceia, imaoneka ngati mwala weniweni, ndipo ululu wake ungathe kupha. Mankhwala ake othetsa ululu amapangidwa ku Australia kuyambira 1959. Ngati mtima ukukukakamizani, yambani mwafunsa kuchipatala cha kwanuko ngati amawasunga.

Anzanga a ku Tete ndi Moatize, konzekerani ndalama zina zomwe sadzakuuzani poyamba. Madzi amafunika kukhala pa madigiri 24 mpaka 27, pomwe kuno Okutobala ndi Novembala kunja kumapyola 40. Popanda makina oziziritsa madzi nsomba sizingapirire, ndipo makinawo amagulitsa padera pa mtengo woboola m'thumba. A ku Ulongwe ndi Tsangano vuto lanu ndi losiyana, mudzafuna chotenthetsera mu Juni ndi Julayi. Madzi akamauma ndi kutentha mchere umatsalira, ndiye pothiramo ena thirani osefa opanda mchere; mlingo wa mchere m'thankimo ukhale pafupifupi magalamu 35 pa lita. Gulaninso kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ka tsiku lomwe magetsi athima.

Chakudya, ndikudyetsa camarão wam'firiji pa chopanira. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi wosavuta kupeza, peixe-leão amamumeza bwinobwino, koma nsomba zam'madzi opanda mchere si zoti azidya masiku onse. Kansomba kalikonse kokwana m'kamwa mwake musakaike m'thankimo, kadzasowa usiku. Pa WhatsApp ogulitsawa amayankha msanga mukamafunsa za pampu kapena mchere. Ndinawapempha kuti akonze pepala la nsomba yachikasu ija, anati atero.