3Com EtherLink III yandipulumutsira zolemba za bambo

Ndaligwiritsa ntchito khadi ili lolumikizira kompyuta ku netiweki, 3Com EtherLink III, kwa miyezi itatu tsopano, ndipo amene ali ndi kompyuta yakale ya DOS ndikumuuza mosazengereza: gulani limeneli.

Kompyuta yake ndi 486 imene malemu bambo ankalembera makalata a mpingo ndi mbiri ya banja lathu mu WordPerfect, pulogalamu yolembera. Inakhala zaka zambiri pamwamba pa kabati itavindikiridwa ndi chitenje. Nditaiyatsa inadzuka bwinobwino, koma vuto linali kutulutsamo zolembazo. Ilibe USB. Madisiki a floppy amene ndinapeza amalowa 1.44 MB basi, ndipo pa asanu aliwonse awiri ankakana kuwerengeka. Mtima unkandigunda nthawi iliyonse hard disk ikalira, kuopa kuti tsiku lina idzangoti zii ndi mawu onse a bambo m'kati.

Ndinayamba ndi khadi lotsika mtengo lopanda dzina, mwa aja amati ndi ofanana ndi NE2000. NE2000 yeniyeni inali ya Novell, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makampani ambirimbiri anaikopera chifukwa pafupifupi pulogalamu iliyonse inkaidziwa. Langalo silinali la Novell ayi. Linabwera lopanda pepala, lili ndi timajampa (tizipangizo tosuntha ndi manja posintha makonzedwe a khadi) tisanu ndi kamodzi tosalembedwa kanthu. Usiku uwiri ndinakhala ndi tochi ndi kopanira nsidze, kusuntha kajampa kamodzi, kuyatsa, kuzimitsa, kusunthanso. Litayamba kuoneka linali pa IRQ 3 (IRQ ndi nambala imene chipangizo chimaitanira purosesa), pomwe pali COM2, pobayira mbewa ya kompyutayo, ndiye mbewa inangouma. Ndinalibweza m'kathumba kake.

Kenako ndinapeza 3C509B yakale, lomwe ndi khadi la mtundu wa EtherLink III. Mtundu wa EtherLink III unatuluka mu 1992, wopangidwa ndi 3Com, kampani imene Robert Metcalfe, mmodzi wa anthu amene anayambitsa Ethernet (njira yolumikizira makompyuta ndi waya), anakhazikitsa mu 1979. Limalowa pa ISA, mpata wautali wakuda uja. Langa ndi la mtundu wa Combo, lokhala ndi pobayira patatu: RJ45 ya waya wamasiku ano, BNC yozungulira ya waya wa coax, ndi AUI. Ngati mukungofuna kulumikiza ku rauta ya pakhomo, mtundu wa TPO wokhala ndi RJ45 yokha ukukwanirani. Coax musalimbane nayo. Imafuna cholumikizira chooneka ngati T pa kompyuta iliyonse ndi chotsekera cha ma ohm 50 mbali zonse ziwiri za wayayo, ndipo chotsekera chimodzi chikangomasuka netiweki yonse imagwa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti khadili lilibe jampa ngakhale imodzi. Zonse mumasintha ndi pulogalamu yake, 3C5X9CFG, ndipo limasunga lokha ngakhale magetsi atazima. Apa pokha samalani: mtundu wa B uli ndi Plug and Play (njira yoti kompyuta izilikonza yokha khadilo), chinthu chimene 486 ngati yanga siichidziwa. Ndinachizimitsa m'pulogalamumo, n'kuika adiresi 300 ndi IRQ 10, n'kusankha RJ45. Ndinazimitsa kompyuta, kuyatsanso, ndipo kagetsi kobiriwira ka pa rauta kanayaka. Mbewa ikuyenda, khadi la mawu likulira monga kale.

Zotsalazo zinali zosavuta. Ndinaika packet driver, kapulogalamu koyendetsa khadilo, pa 0x60, kenako mTCP, mapulogalamu aulere a netiweki a DOS amene analemba Michael Brutman. Pulogalamu yake ya DHCP inatenga adiresi ya pa netiweki ku rauta pa kuyesa koyamba. Nditatsegula FTP server yake, pulogalamu yotumizira mafayilo, pa 486, ndinakhala pa laputopu chipinda china n'kuona mayina a mafayilo a bambo akutsika mmodzimmodzi, onse a zilembo zosapitirira zisanu ndi zitatu monga DOS inkafunira. MBIRI1, MBIRI2, MALIRO, CHOPEREK. Ndinaitana mayi kuti adzaone. Anakhala pampando, navala magalasi, nawerenga kalata imene bambo analembera achimwene awo koma sanaitumize.

Za liwiro musayembekezere zodabwitsa. Ndi khadi la 10 Mbps, ndipo kompyuta yakaleyo payokha siingalidyetse mokwanira. Komabe hard disk yonse inasamuka tiyi asanazizire, ntchito imene pa floppy ikanandidyera sabata. Masamba a intaneti amasiku ano iwalani, pakuti ambiri amafuna chitetezo chimene makina a msinkhu uwu sangachinyamule.

Pogula yang'anani timano tagolide ta m'munsi. Tanga tinali takuda ndi dzimbiri pang'ono, ndinatipukuta ndi chofufutira pensulo, kenako ndi kansalu ka spiriti. Funsaninso wogulitsa ngati chitsulo chomangira kumbuyo chilipo, chifukwa khadi losamangidwa limapendekeka mukamabaya waya.

Ndagulanso lachiwiri, ndalisunga m'kabati momwemo. Pali 386 ya amalume ku Zomba imene nayonso ili ndi zolemba zawo za kusukulu, ndipo ndawalonjeza kuti ndipita nalo mwezi wamawa.