Sitima yopanda mutu inandisiya pa Tyndrum

Abale anga a ku Mchinji, makamaka inu achimwene amene simutopa kundifunsa pa WhatsApp kuti kuno timayenda bwanji popanda kabaza, lero ndikuuzeni za sitima imene inandichititsa manyazi mwezi wanga woyamba ku Scotland.

Ife tinakula tikudziwa kuti sitima imakhala ndi mutu: chiinjini kutsogolo, mabogi pambuyo, ngati zakatundu zija tinkathamangira kukaziona pa siteshoni ya paboma. Ndiye tsiku lomwe ndinkachoka pa Glasgow Queen Street kupita ku Fort William, kumene ndinapeza ntchito yosamalira okalamba, ndinaima phee ndi zikwama zanga kudikira kuti abweretse mutu. Mabogi angoima, akulira pansipansi ngati chigayo cha dizilo, anthu akulowa. Ine mumtima ndikuti azunguwa akuthamangira chiyani. Zitseko zitayamba kulira ndinachita kudumphiramo, m'bogi yoyambirira yomwe ndinaima nayo pafupi.

Sitimazi amazitcha Class 156, ndipo si zatsopano ayi, anazipanga ku Birmingham pakati pa 1987 ndi 1989. Bogi iliyonse ili ndi injini yakeyake ya dizilo kunsi kwake, moti ikamakwera chitunda umayimva m'mapazi. Mabogi amakhala awiriawiri, uku kachipinda ka dalaivala, uko kachipindanso. Akafika kumapeto kwa ulendo satembenuza kanthu, dalaivala amangonyamula chikwama chake n'kukakhala mbali inayo. Anthu akachuluka amalumikiza awiri ena. Akuti ingathamange mpaka makilomita 120 pa ola, koma m'mapiri muja imayenda modzikoka.

Tsono chomwe sindinkadziwa n'chakuti zimene amalumikiza amathanso kuzilekanitsa pa njira. Pa Crianlarich sitima imagawika pawiri: mabogi ena amalowera ku Oban, ena ku Fort William mpaka ku Mallaig. Kondakitala ataona tikiti yanga anandiuza ndithu kuti ndisamuke, ameneyo ndisamunamizire. Koma Chingerezi cha kuno, abale, si chija tinkaphunzitsidwa kusukulu. Ndinangogwedeza mutu n'kumwetulira, kuopa kuoneka wakumudzi.

Tinaima pa Crianlarich kanthawi ndithu, ndinamva kugwedezeka pang'ono, tinanyamuka. Agogo ena aakazi amene anakhala moyang'anizana nane anafunsa kumene ndikupita. Nditatchula Fort William anagwira pakamwa. Anandiuza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana, kuti nditsike pa siteshoni yotsatira. Mwayi wake, kamudzi ka Tyndrum, ngakhale ndi kakang'ono kosafika ndi pa Kamwendo pomwe, kali ndi masiteshoni awiri: Tyndrum Lower pa njanji ya ku Oban, ndi Upper Tyndrum pa njanji yangayo. Nditatsika pa Tyndrum Lower ndinakwera chitunda kupita ku Upper Tyndrum ndi zikwama ziwiri, mvula ikuwaza, n'kupeza pali zii. Sitima zake n'zowerengeka pa tsiku. Ndinakhala pamenepo maola angapo, ndikutafuna mtedza wokazinga umene amayi anandimangira, zala zitauma gwa.

Pokhala ndinalibe chochita, maganizo anabwerera kwathu. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980, ya ku Chipata anaitsegulira mu 2010 tikuona ndi maso, koma ine ndakula mpaka kukwera ndege ndisanakwerepo sitima ya anthu. Munthu wa kwathu akaifuna ndiye apite ku Balaka kapena ku Limbe. Tinkauzana kuti sitima imafuna chinamtindi cha anthu kuti ipindule. Komatu kuno mabogi awiri okha amadutsa m'chipululu momwe muli nkhosa ndi agwape basi. Pa Corrour, siteshoni yokwera kuposa zonse pa njanji zikuluzikulu za mu Britain, sipafika n'komwe msewu wa galimoto za anthu wamba. Kupitirira Fort William kuli timasiteshoni tina, monga Lochailort, pomwe sitima imaima pokhapokha wina akaibayitsa ndi dzanja, monga tichitira ndi minibasi pa M12. Ndikaganiza amayi a tomato ndi mbatata amene amapanikizana anayianayi pampando kupita ku Lilongwe, ndimaona kuti mabogi awiri otere akanadzaza asanafike ndi pa Namitete pomwe. Zenizenizi sizingayende kwathu, poti njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pomwe yakuno ndi 1,435, koma zilipo zamtunduwu zopangidwira njanji ngati yathuyo.

Sitima yotsatira inabwera kutada kale. Ndisanaponde ndinafunsa kondakitala kawiri konse ngati bogi imeneyo ikupitadi ku Fort William, iye n'kuseka, poti pamenepo inali itagawika kale. Achimwene, nkhaniyi musawauze amayi, iwo amadziwa kuti ndinafika bwino masana.