Chakudya cha ku Paris chimene anatiuza kuti chalipiridwa kale

Risiti ndili nayo pano patebulo pamene ndikulemba, choncho manambala onse mukuwaona apa ndi enieni. Ine ndi bambo a kunyumba kwathu timakhala ku Leeds, tonse timagwira ntchito yosamalira okalamba. Mu February 2025 tinakwanitsa zaka 10 tili m'banja, ndipo tinagwirizana zokadyera ku Paris, ku lesitilanti ya nyenyezi za Michelin, chizindikiro chimene amapatsa malo ophika bwino kwambiri, zimene timangoziona pa foni nthawi yopuma kuntchito.

Pagulu lathu la WhatsApp panali mnyamata wina wa kwathu amene ankakonza maulendo. Mtengo wake unali mapaundi 480 munthu mmodzi: basi ya usiku kudzera ku Dover ndi Calais, hotela masiku awiri, ndi chakudya chamadzulo ku lesitilanti ya nyenyezi ziwiri. Tinamutumizira mapaundi 960 tsiku lomwelo. Patangotha sabata anatiuza kuti viza mulibe mu ndalama ija. Inu amene mwangofika kumene, viza ya Britain sikulowetsani ku France ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi. Mufunika ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, imene kuyambira June 2024 ndi mayuro 90, kuphatikiza ina ya ofesi yolandira mapepala, komanso inshuwalansi yachipatala yofika mayuro 30,000. Zonsezi iye ankazidziwa pamene ankalandira ndalama zathu.

Mapepala a viza anatithandiza mayi wina wachikulire amene ali ndi kaofesi kakang'ono pamwamba pa shopu. Anatilipiritsa mapaundi 35 aliyense, natipatsa risiti tisanapemphe. Atawerenga pepala la mnyamata uja anaika chala pa mzere umodzi n'kunena kuti, “Mwana wanga, apa palembedwa kuti wakusungirani tebulo. Sipanalembedwe kuti walipira chakudya. Imbirani lesitilantiyo nokha.” Anatiuzanso kuti malo ngati amenewa munthu amatha kusungitsa yekha pa intaneti popanda wapakati, ndiponso kuti ambiri ali ndi menyu ya masana yotsika mtengo kwambiri kuposa yamadzulo, ophika ali omwewo. Sanapindule kalikonse potiuza zimenezi.

Ine m'malo moimbira lesitilanti ndinaimbira mnyamata uja. Anati, “Achemwali, mukukayikira m'bale wanu chifukwa cha mlendo? Zonse zili m'manja mwanga.” Ndinachita manyazi, ndinasiya. Pamenepo ndi pamene ndinaluza ndalama, Paris ndisanamuone n'komwe.

Hotela inali kunja kwa mzinda, ulendo wa mphindi pafupifupi 50 pa sitima, ngakhale anatiuza kuti Eiffel Tower tizidzaiona pawindo. Potuluka anatilipiritsanso kamsonkho ka alendo kamene mahotela a kumeneko amatolera usiku uliwonse. Izo ndi zazing'ono.

Za chakudyacho sindinama, chinali chabwino kuposa chilichonse chimene ndinadyapo. Tinakhala pansi 8 koloko, tinadzuka itadutsa 11. Mbale zinabwera zisanu ndi zitatu, osawerengera tizakudya tolawa toyambirira. Batala wa ku Brittany anali ndi timibulu ta mchere tomveka pa lilime, buledi ali wotentha. Imene sindidzaiwala ndi nkhunda. Kwathu ku Dedza nkhunda timaiwotcha mpaka iume, koma uku anabweretsa chidali chokha, chofiirira mkati, chofewa moti mpeni unkangotsetsereka. Woperekera zakudya anathira msuzi wakuda kuchokera m'kamtsuko kakang'ono, natifotokozera kuti aupanga ndi mafupa a nkhunda yomweyo, ataphitsa kwa maola ambiri mpaka kutsala pang'ono. Bambo a kunyumba anapukuta mbale ndi buledi. Ndikadzuka kupita kukasamba m'manja, pobwera ndinkapeza kansalu kanga atakapinda bwinobwino. Amene amati kumalo otere umatuluka ndi njala sanafikeko. Tinakhuta, ndipo palibe anatiyang'ana moipa chifukwa cha khungu lathu.

Koma taonani mmene ndalama imalowera. Titangokhala, anakankhira pafupi nafe kangolo kodzadza mabotolo a shampeni ali mu ayezi, natifunsa kuti tiyamba ndi uti. Tinkayesa ndi mbali ya kutilandira. Tambula imodzi inali mayuro 32. Anafunsa ngati tikufuna madzi amphweya kapena wamba, tinati wamba, mabotolo awiri mayuro 22. Chonsecho ku France lamulo limati wodya m'lesitilanti akapempha madzi a pampopi amupatse ulere. Umangonena kuti “une carafe d'eau”. Kenaka panabwera bambo atavala magolovesi oyera, atanyamula bokosi lamatabwa muli truffe, bowa wakuda amene amamera pansi pa nthaka ndipo amamufufuza ndi agalu m'nyengo yozizira. Anapalira tizidutswa topyapyala pa mbale ya bambo a kunyumba: mayuro 85. Ine ndinakana chifukwa fungo lake linandikulira. Tchizi ya pangolo mayuro 35, khofi makapu awiri mayuro 18. Menyu yeniyeniyo inali mayuro 295 munthu mmodzi. Mitengo inalembedwa pa menyu, ndipo ku France amaipachikanso panja pakhomo. Tinaiona, koma tinkati sikutikhudza poti talipira kale.

Bilu inabwera ya mayuro 814. Anachotsapo 100 ya dipoziti, ndiyo yokhayo imene mnyamata uja anapereka. Yotsala 714. Ndinaonetsa pepala lathu kwa mkulu wa operekera zakudya. Anawerenga modekha, anakabweretsa zimene zinali mu kompyuta yawo, nandionetsa: tebulo la anthu awiri, dipoziti 100, basi. Anatipepesa ngakhale kulakwa sikunali kwawo. Ndinaimba foni ya mnyamata uja kanayi ndili chiimire pakhonde, sanayankhe. Manja ankanjenjemera, ndipo makina a khadi atafunsa ngati ndilipire m'mapaundi kapena m'mayuro ndinasankha mapaundi poti ndi amene ndimawadziwa. Kumeneko kunali kulakwitsa kwina, chifukwa ukatero makinawo amasintha ndalama pa mtengo wawo wokwera. Sankhani mayuro nthawi zonse. Ndinatsala pang'ono kuwonjezeranso ya zikomo, koma mkulu uja anandiuza yekha kuti ya operekera zakudya ili kale m'mitengo, monga zimakhalira m'dziko lonselo.

Ndalama imeneyo inali ya feteleza wa amayi anga ndi fizi ya mng'ono wanga ya teremu yotsatira. Ndinagwira mashifiti a usiku owonjezera milungu isanu ndi umodzi kuti ndiibweze, kunyamula ndi kutembenuza anthu pabedi msana ukuwawa. Mnyamata uja patapita masiku atatu analemba kuti sitinamvetsetse Chingerezi, kenaka anatuluka pagulu. Nditafotokoza nkhaniyi pagulupo, mabanja ena awiri anandilembera kumbali kuti nawonso anawachita zomwezo, koma anakhala chete poopa kusekedwa. Akanayankhula msanga, ine sindikanatumiza ndalama.

Tsopano inu akumudzi amene munaona zithunzi zathu pa Facebook n'kuyamba kulemba kuti “achemwali zanu zayera, mutikumbukire”, dziwani kuti chithunzi cha nkhunda chija ndinachijambula bilu isanabwere. Ndipo inu achinyamata amene simunathe ngakhale chaka kuno, ngongole ya tikiti ikadali pakhosi, mukufuna kale kukajambulitsa ku Paris kuti anzanu a ku Area 25 akuoneni: khalani pansi. Nyenyezi za malesitilantizi zinayambitsidwa ndi Michelin, kampani ya matayala ya ku Clermont-Ferrand ku France, imene inatulutsa buku lake loyamba lotsogolera apaulendo mu 1900 kuti eni magalimoto aziyenda maulendo ambiri. Malo amenewa anakonzera anthu amene mayuro 800 sawasowetsa tulo. Ngati ndalama yanu ili ndi mayina a anthu kumudzi, si yodyera usiku umodzi.

Ngati mwasunga yanuyanu ndipo mtima ukufunadi, pitani, chakudyacho n'chosaiwalika. Koma sungitsani tebulo nokha, pitani masana, ndipo aliyense wokankha ngolo kapena wonyamula bokosi mufunseni mtengo asanatsegule. Sakwiya, azungu omwe amafunsa. Wina akakuuzani kuti zonse zalipiridwa, pemphani kalata yochokera ku lesitilantiyo yotchula ndalama imene yalandira, ngakhale wokuuzaniyo mukhale mumapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Mayi wa kaofesi uja ndinapita kukamuuza zonse titabwerera. Sanandidzudzule. Anandithandiza kulemba madandaulo ku banki yanga, ndipo anakana kulandira ndalama pa ntchito imeneyo. Mapaundi athu mpaka lero sanabwerere.