Tinti ya ceramic padenga lagalasi: poyenda ikuthandiza, poima ayi

Iyi ndi tinti yopanda chitsulo, yokhala ndi timibulu tating'onoting'ono ta ceramic toletsa kutentha, yomata mkati mwa denga lagalasi, monga la Honda Airwave, Toyota Ractis kapena Nissan Dualis, magalimoto obwera kuchokera ku Japan. Tayiona ikugwira ntchito m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene masana kuno ku Salima kutentha kumatha kupitirira madigiri 35.

Pamsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota kusiyana kwake kukumveka. Dzuwa lija lothyola pamutu ndi pamapewa lachepa mphamvu, ndipo AC siikuvutikanso ngati kale. Kansalu kotsekera kobwera ndi galimoto kamangotchinga kuwala. Pakapita nthawi nako kamatentha n'kuyamba kukuwotchani pamutu pomwepo. Tinti imadula kutenthako kusanafike pakansaluko.

Pogula musatengeke ndi kuda kwake. Tinti yotchipa ya utoto imamwa dzuwa n'kusunga kutentha m'galasi, kenako imasuluka n'kutuluka matuza. Choopsa n'chakuti galasi lalikulu likapsa pakati m'mbali muli mozizirirapo, limatha kung'aluka, makamaka ngati lili kale ndi kachilonda ka mwala. Ya chitsulo imabweza dzuwa bwino, koma nthawi zina imasokoneza netiweki ya foni ndi GPS. Funsani nambala ya TSER pabokosi, chifukwa ndiyo imanena kuchuluka kwa kutentha konse kwa dzuwa kumene tinti ikuletsa. Ogulitsa amakonda kutchula ya IR (cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chomwe chimabweretsa kutentha) poti imaoneka yayikulu, pamene ndi gawo chabe la nkhaniyo.

Ntchito yeniyeni ili pomata. Omata agwirire m'nyumba yotseka, osati pansi pa mtengo, chifukwa fumbi la kuno silichedwa ndipo kamchenga kamodzi kamasiya tuza losatha. Galasi litsukidwe, lipoperedwe madzi osakaniza ndi madontho ochepa a shampu ya ana, ndipo madziwo akankhidwe kuchokera pakati kupita m'mbali. M'mphepete asiye mpata wa mamilimita 1 kapena 2. Pamadontho akuda a m'mbali mwa galasi tinti simamata bwino, imaoneka yoyererako. Zimenezo musakangane nazo ndi omata, ndi mmene zimakhalira. Ngati denga lanu ndi lotseguka, lisiyeni chitsekere masiku 3 mpaka 5. Timadzi tooneka mkati timauma tokha, musatiboole ndi singano. Popukuta pewani mankhwala okhala ndi ammonia.

Pomwe yatikhumudwitsa ndi galimoto ikaima. Mukaisiya pamtetete ku Senga Bay maola awiri, mkati mumakhalabe ng'anjo, chifukwa dzuwa lambiri limalowera pagalasi lakutsogolo. Pamenepo mufunikabe chotchinga chonyezimira chija kutsogolo, mbali yasiliva iyang'ane kunja, ndipo china muchilowetse pakati pa denga ndi kansalu ngati mpata ulipo.

Tikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo yapita chifukwa cha mtengo wake, womwe ndi wokwera kwambiri kuyerekeza ndi tinti wamba.