Mbaula yootchera nyama ya theka la mgolo: yabwino, koma waya wake musinthe

Iyi ndi mbaula ija amapanga owotcherera zitsulo muno mu Mzuzu, podula mgolo wa malita 200 m'litali mwake, theka lina n'kukhala chivindikiro cha mahinjesi. Yomwe ndikunena pano yagwira ntchito pamacheza a Loweruka kuyambira Okutobala mpaka pa Chaka Chatsopano. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Malo ootchera ndi pafupifupi masentimita 88 m'litali ndi 58 m'lifupi. Pamakwana nkhuku zitatu zong'amba kumsana n'kuziyala, kapena makilogalamu 3 a nyama ya mbuzi, pambali n'kutsalabe malo a chimanga chachiwisi. Anzanu akakhala 15, muotcha maulendo awiri basi, ndipo makala a makilogalamu 4 amafikitsa maola awiri.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chivindikirocho. Mvula ya kuno mu Disembala siodira. Mbaula yapululu ikangowazidwa pang'ono makala amazima, phulusa n'kuulukira pa nyama. Iyi mumangovindikira. Chimathandizanso nkhuku yachikuda, imene kawirikawiri imapserera kunja magazi akadali pafupa: kankhirani makala mbali imodzi, nkhuku muiike mbali yopanda moto, muvindikire mphindi 40 mukutembenuza kawiri, kenaka muibweretse pamoto kuti khungu lifiire.

Vuto lalikulu ndi waya woikapo nyama. Amaikapo waya wonyezimira wa mpanda, wokutidwa ndi zinki. Ukatentha kwambiri zinkiyo imapsa n'kutulutsa utsi woyera wosayenera kuupuma, komanso imakanganuka n'kumatirira pa nyama. Auzeni owotcherera zitsulowo akupangireni tindodo ta chitsulo wamba ta mamilimita 6, totalikirana sentimita imodzi ndi theka kuti soseji ndi nthuli zing'onozing'ono zisagwere pamoto. Wayayo amauikanso pafupi kwambiri ndi makala. Pamafunika mpata wa masentimita 12 mpaka 15. Poyesa, ikani chikhatho pamwamba pa waya: mukapirira masekondi 4 kapena 5 moto uli bwino, mukachotsa msanga dikirani kaye.

Batala wa ku Nkhata Bay ndiye amaonetsa vutoli poyera, poti ndi nsomba ya mafuta ambiri. Mafutawo akadonthera pamakala malawi amabuka, nsomba n'kuda ngati chikuni m'kati isanapse. Iyenso muotchereni mbali yopanda makala. Chambo chimamatirira, choncho pakani mafuta ophikira pa waya utatentha, muchicheke mizere itatu mbali iliyonse, muthiremo mchere, mandimu ndi kambuzi, ndipo musachitembenuze mphindi 6 zisanakwane.

Mabowo a mpweya ndi atatu okha, n'chifukwa chake moto umafooka mukavindikira. Boolani ena asanu ndi limodzi a mamilimita 12 m'munsimo, ndi awiri pa chivindikiro.

Musanagule funsani zomwe zinali mumgolomo. Wa mafuta ophikira ndi wabwino, wa mankhwala kapena wa oyilo wa galimoto ukaneni ndithu. Ngakhale ukhale woyera, yambani mwausonkhera moto wa nkhuni ola lathunthu wopanda nyama kuti penti ipse yonse. Parafini musayatsire, fungo lake silichoka pa nyama. Zitsononkho zouma ndi pepala n'zokwanira, ndipo nyama muike patapita mphindi 30, makala atayera phulusa.

Chitsulo cha mgolo n'chopyapyala ndipo chimatentha mbali zonse. Bokosi la zakumwa zozizira likhale mamita awiri kutali, apo ayi ayezi asungunuka Fanta ndi Kuche Kuche zisanafike theka. Ana nawonso asayandikire, chifukwa miyendo ya mbaulayi ilibe chitsulo chopingasa ndipo imagwedera pa kapinga.

Yalani mchenga wa masentimita 3 pansi musanaike makala, kuti moto usadye chitsulo. Mukamaliza chotsani phulusa lonse likazizira, poti phulusa lonyowa ndi chinyezi cha Mzuzu ndilo limabweretsa dzimbiri n'kuboola pansi pa mgolo. Mbaulayi isungeni m'nyumba kapena pakhonde, osati pabwalo.